Musatitsekere WhatsApp, ndiye shopu yathu

Achimwene, inu amene mukupanga app yothandiza anthu kuchepetsa nthawi imene amakhala pafoni, musanayambe kusintha mitundu ndi mabatani pa app yanuyo, funsani kaye kuti anthu kuno ku Blantyre foni timachita nayo chiyani. Ine app ngati imeneyi inandiyalutsa pakati pa msika wa Limbe, ndikakumbuka mtima umachita kuwawa.

Ndimagulitsa kaunjika pa status ya WhatsApp. Belo likatsegulidwa ndimajambula msangamsanga, kasitomala akasankha ndalama imalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu ndimakakweza basi ku Wenela. Tsikulo linali Loweruka la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira. Mayi wina wa ku Lilongwe amafuna madiresi ovala ku chinkhoswe, ndipo theka la ndalama anali atatumiza kale. Ndili mkati mojambula, sikirini inangoti bii! Kenako kachithunzi ka mtengo, ndi uthenga wa Chingerezi wakuti nthawi yanga ya lero yatha, ndipite panja ndikapitidwe mphepo. Panja pake pati? Ndili panja kale, dzuwa likuswa mtengo, mnyamata wa belo akukalipa kuti ndisankhe kapena ndipatse ena mpata, azimayi anzanga akulandirana madiresi abwinowo pamaso panga. Kuyesa kutsegula, akuti dikirani mphindi 30. Kuyesa kuichotsa, ikufuna password. Manja thukuta lokhalokha. Mayi uja ataona kuti ndangoti zii anaganiza kuti ndamuthawitsira ndalama. Pofika madzulo chithunzi changa chinali mu gulu la azimayi ogula zovala, pansi pake atalemba kuti "chenjerani naye". Dzina limene ndalimanga movutikira!

Amene anapanga app ija ndi kamnyamata kena kamene kanabwera kutchalitchi kwathu kudzatiphunzitsa za tulo ndi maso. Nditakaimbira kanangoti, "Mukanaona ku settings, mayi." Ngakhale pepani osanena. Settings zake Chingerezi chokhachokha, app yolemera pa ka itel kanga, bandulo ikudyedwa usiku ndi usana, batire likutha pomwe magetsi azima. Kanaika WhatsApp gulu limodzi ndi magemu. Mauthenga a maliro amabwera kuti? Zachipereganyu ndi banki m'khonde timakambirana kuti? Ana a sukulu aja amakhala pa kompyuta n'kumatiganizira, osabwera ku Ndirande kapena ku Bangwe kudzakhala nafe ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye zowerenga maola zokha musataye nazo nthawi. Google anaika kale Digital Wellbeing mu Android, Apple nayo ili ndi Screen Time, zonsezi kuyambira 2018. Munthu kumuuza kuti lero wakhala maola 6 pafoni amangoti "eti?" n'kupitiriza. Muuzeni mu makwacha kuti TikTok yamudyera bandulo ya ndalama zingati sabata ino, muona akudzidzimuka. App izigwira ntchito popanda intaneti, ikhale yopepuka, ilankhule Chichewa. Kuimba foni, kamera ndi zotumizira ndalama musazikhudze n'komwe, WhatsApp nayonso masana musaikhudze. Kumbukiraninso kuti m'nyumba zambiri foni ndi imodzi, masana ndi ya amayi, madzulo mwana walanda akuonera makatuni. Ikani kabatani koti ndikamupatsa mwana nthawi iziwerengedwa payokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2019 kuti mwana wosakwana chaka asamaonere sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi patsiku, koma makolo ambiri izi sanazimvepo, muwalembere pomwepo. Komanso muziuza anthu momveka zimene app ikutenga mufoni mwawo, paja lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection, linayamba kugwira ntchito mu 2024.

Koma usiku ndiye musachite chibwana ayi. Ikangokwana 10 koloko TikTok ndi mavidiyo a Facebook zitsekeke gwa, popanda kabatani ka "ndiwonjezereni mphindi zisanu", chifukwa kakakhalapo tonse timakadina mpaka tambala woyamba. Password azisunga wina, kaya abambo akunyumba kaya mchemwali. Ndipotu ngakhale WhatsApp yomweyo muzitseka usiku, status za 12 koloko si bizinesi, ndi miseche basi. Kungoti mukamaiyesa mukapatse kaye ogulitsa pamsika ndi akabaza, osati anzanu a muofesi okhaokha.