Funsani za Galimoto: Ndapeza RAV4 ku Ohio, ndifika nayo bwanji ku South Bend?

FUNSO

Achimwene, ndimakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku. Chibwerereni kuno ndakhala ndikupempha malifiti, koma tsopano laisensi ndatenga, kandalama ndasunganso. Ndapeza Toyota RAV4 ya 2013 pa Facebook Marketplace. Mwini wake ndi bambo wina wa ku Toledo ku Ohio, ndipo tagwirizana madola 6,500. Chandidabwitsa n'choti akuti ndikangolipira amasula nambala yake n'kutsala nayo. Msuweni wanga akuti ndisade nkhawa, timasula nambala ya Honda yake n'kukaimangirira pa RAV4, tibwerere usiku apolisi atachepa. Mnzanga wa kutchalitchi akuti zonsezo n'zosafunika, lamulo limalola kuyenda masiku atatu popanda nambala. Ndimvere ndani? Tikufuna kupita Loweruka masana ndikadzuka.

Mayi wa ana awiri, South Bend

YANKHO

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanakwere Honda ya asuweni anuwo. Iwowo aphonya kotheratu, anzanu a kutchalitchi anena zoona koma theka lokha, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa kuposa awiriwo ndi Loweruka masanalo.

Bambo wa ku Toledo sakukuberani. Kumudzi tinazolowera kuti nambala ndi ya galimoto: ukagula Corolla ku Limbe imabwera ndi nambala yake, iwe n'kukangosintha dzina ku Road Traffic. Kuno chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake. Ku California nambala imatsagana ndi galimoto ngati kwathu, koma ku Ohio, ku Indiana, ku Michigan ndi ku Illinois nambala ndi ya munthu. Akaisiya pa RAV4, inu n'kupalamula nayo panjira, kalata imapita kunyumba kwa iyeyo. Ine ndikanakhala wogulitsa ndikanamasulanso.

Pachifukwa chomwecho nzeru ya asuweni ndi yoopsa. Wapolisi akakhala kumbuyo kwanu amalemba nambala pa kompyuta ya m'galimoto mwake, kompyutayo n'kunena kuti Honda, pamene maso ake akuona Toyota. Choyamba chimene amaganiza n'choti galimotoyo ndi yakuba. Mdima suthandiza chilichonse, ndipo usiku magalimoto akachepa ndi pamene wapolisi amapeza mpata wolemba nambala iliyonse yomudutsa. Ku Ohio kuyika nambala ya galimoto ina ndi mlandu wokaonekera kukhoti, si tikiti yongolipira pa intaneti. Galimoto akhoza kuikoka, inu n'kutsala m'mbali mwa msewu pakati pa usiku. Ndipo ife obwera, mafomu a zolowa ndi kutuluka amafunsa za mbiri yathu ndi apolisi. Kudetsa dzina chifukwa cha mabawuti awiri a nambala, ayi ndithu.

Za masiku atatuzo zilipodi. Lamulo la Indiana limalola munthu amene wangogula galimoto kuiyendetsa popanda nambala kwa maola 72, bola akhale ndi pepala la umwini wa galimoto lotchedwa title m'manja ndipo akulunjika kunyumba, kapena ku ofesi ya BMV (ndiyo Road Traffic ya kuno), osakhotera kwina. Koma limenelo ndi lamulo la Indiana, ndipo mphamvu yake imathera pamalire. Kuchokera ku Toledo kufika ku South Bend ndi mamailosi pafupifupi 150 mumsewu wolipira uja wa I-80/90, ndipo 60 oyambirira muli m'manja mwa apolisi a Ohio, amene salola galimoto yopanda nambala. Ngakhale mutawoloka, galimoto yosavala kanthu kumbuyo imaimitsidwabe. Mlandu simukhala nawo, koma mukhala mukufotokoza pepala lili m'manja, mathiraki akukuwombani mphepo.

Njira yake yeniyeni mukuidziwa kale, kungoti simunaizindikire. Galimoto zochokera ku Dar es Salaam zimalowa pa Songwe zitavala nambala za IT zongoyendera panjira. Ohio nayo ili ndi yake, amati temporary tag, nambala ya pepala yogwira ntchito masiku 45. Imagulidwa ku ofesi za deputy registrar, zomwe zimagulitsa nambala m'malo mwa BMV ya Ohio, ndipo ngakhale wokhala kunja kwa Ohio amene wagula galimoto kumeneko amamugulitsa. Mumapita ndi title yosainidwa bwino ndi laisensi yanu ya Indiana. Mukaimata kumbuyo, Indiana imailemekeza, ndipo mukhoza kupita nayo kuntchito pamene mukukonza mapepala a kuno. Imbani kaye foni ku ofesi imene mukufuna kupitako, akuuzeni zoti munyamule ndi nthawi yotsekera.

Mawu oti "yosainidwa bwino" ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ine ndinapsa. Title ya ku Ohio, munthu wamba akamagulitsa kwa munthu mnzake, siginecha ya wogulitsa imayenera kulembedwa pamaso pa notary, munthu wololedwa ndi boma kuchitira umboni ndi kudinda chidindo. Ku Indiana kulibe zimenezi, n'chifukwa chake ambiri a kuno sitiziganizira. Zaka zapitazo ndinapita ku Ohio komweko kukagula minivan, Loweruka ngati mukufuniramu. Tinakumana pamalo oimika galimoto a sitolo ina cha m'ma 3 koloko, mkuluyo anasaina title pa boneti, ndinamuwerengera ndalama, tinagwirana chanza. Nambala ya pepala ndinalibe kokagula chifukwa maofesi anali atatseka, moti galimoto ndinaisiya pakhomo pake n'kubwerera ndi mnzanga amene anandiperekeza. Nditabweranso mkati mwa sabata, a ku ofesi anangoyang'ana pepalalo n'kundibwezera, amvekere chidindo chili kuti. Mkulu uja anali atapita kwa mwana wake ku chigawo china. Ndinadikira masabata awiri, ndalama zili kwa iye, galimoto ilinso kwa iye, ine n'kumadya nsima yosatsika. Anali munthu wachilungamo, anabwera n'kusainanso. Akanakhala wina bwenzi ndikulira mpaka lero.

Choncho sinthani tsiku. Pemphani ofu, mupite mkati mwa sabata m'mawa. Loweruka maofesi amenewa amatseka msanga, Lamlungu satsegula n'komwe. Muuzeni bamboyo asalembe kalikonse pa title mpaka nonse muli pamaso pa notary. Mabanki ambiri ali naye, ndipo kukumana kubanki kuli ndi ubwino wina, woti simuyenda ndi madola 6,500 m'chikwama kukakumana ndi munthu wa pa Facebook. Ofesi ya ma title ya Lucas County, komwe kuli Toledo, imathandizanso pa chidindochi. Mukachoka pamenepo mulunjike kogula nambala ya pepala, RAV4 ikadali pomwe ili. Akakana kupita nanu kwa notary, kaya akuti watanganidwa kaya akuti n'zosafunika, bwererani ndi ndalama zanu. Ma RAV4 sanathe padziko.

Title ija ndi imene kwathu timati blue book, koma kuno musatchule dzina limenelo. Mukafunsa wogulitsa za blue book akuuzani mtengo, chifukwa Kelley Blue Book ndi mndandanda wa mitengo ya galimoto zakale. Pepalalo muliwerenge modekha musanatulutse ndalama. Dzina lolembedwapo lifanane ndi la pa laisensi ya bamboyo. Akati galimoto ndi ya mlamu wake amene anasaina kale, ameneyo ndi wogula n'kugulitsa mozemba msonkho, ndipo vuto likabuka mwini weniweni simudzamupeza. Ngati pali mayina awiri, funsani ngati onse ayenera kusaina. Nambala ya VIN, imene galimoto imapatsidwa kufakitale, ya zilembo ndi manambala 17, ifanane pa title, pansi pa galasi lakutsogolo mbali ya dalaivala, ndi pa mphuthu ya chitseko. Muilembe pa webusaiti ya VINCheck ya bungwe la NICB, ndi yaulere, ikuuzani ngati galimotoyo inalembedwa kuti inabedwa kapena a inshuwalansi anaitaya. Pakalembedwa salvage kapena rebuilt, dziwani kuti inawonongekapo kwambiri ndipo 6,500 yachuluka. Pakaoneka dzina la banki, ngongole iyenera kuoneka kuti inachotsedwa, apo ayi galimotoyo ikadali ya banki. Mamailosi alembedwe monga akuonekera pa dashibodi, poti galimoto za 2011 kupita mtsogolo lamulo la dziko lonse limafuna zimenezo kwa zaka 20. Ndipo wina akalakwitsa polemba, asafufute kapena kukhwatcha. Title yofufutidwa amaikana.

Inshuwalansi muigule musanalize injini. Poti ino ndi galimoto yanu yoyamba, mulibe ina yoti ikufungatireni masiku oyambirira, ndipo ya asuweni ndi ya Honda yawo. Pemphani VIN kwa wogulitsa dzulo lake, mufunse mitengo, kenako muitsegule pa foni mukangolipira. Yochepetsetsa imene Indiana imafuna ndi madola 25,000 pa munthu mmodzi wovulala, 50,000 pa ngozi imodzi, ndi 25,000 pa katundu wa ena. Imeneyo imalipira amene mwamugunda, RAV4 yanu siikonza. Inu oyenda usiku m'chipale cha ku South Bend, kumene agwape amangodumphira mumsewu, ganizirani zowonjezerapo ngati thumba lilola.

Mukafika kunyumba muli ndi masiku 45 kuchokera tsiku logula kuti mukalembetse title m'dzina lanu ku BMV ya Indiana, mukachedwa pali chindapusa. Onani kuti masikuwo akutha limodzi ndi nambala ya pepala ija, ndiye musadikire sabata yomaliza. Poti title ndi ya chigawo china, VIN iyenera kuonedwa ndi maso, ndipo a ku BMV kapena wapolisi amachita zimenezo, choncho pitani ndi galimotoyo. Msonkho mulipira kuno, osati ku Ohio: 7 peresenti ya 6,500 ndi madola 455, kuphatikizapo za title ndi za nambala. Ndalama imeneyi ambiri amaiiwala powerengera, n'kuyamba kunyengerera wogulitsa kuti alembe mtengo wabodza. Musatero, mukhala mwasainira bodza pamaso pa notary. Za kuyeza utsi musavutike nazo, ku Indiana zimafunika ku Lake County ndi Porter County kokha, osati kwanu ku St. Joseph County.

Ngati ofu yakanika, njira yotsala ndi kuinyamula pa ngolo, matayala onse anayi ali m'mwamba. A U-Haul amabwereketsa ngolo zotere, koma pamafunika galimoto yamphamvu yokokera, osati Honda ija. Kangolo konyamula matayala akutsogolo okha musakayese ngati RAV4 yanu ndi yoyendera matayala onse, mungawononge giyabokosi. Komabe chidindo cha notary chifunika ndithu, ngolo kapena ayi.

Chomaliza, mukafika ku Toledo gwadani muyang'ane pansi pa galimoto. Kuno amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndipo galimoto ya 2013 ikhoza kunyezimira pamwamba pansi patadyeka ndi dzimbiri. Ntchito imeneyo apatseni asuweni, ndi yomwe angaithe.

FUNSO

Akulu, ine ndili ku Indianapolis ndipo ndikufuna kugula kwa dila wa ku Cincinnati. Kodi msonkho ndilipira kawiri?

Wophunzira, Indianapolis

YANKHO

Ayi achimwene. Dila akadula msonkho wa Ohio, Indiana imauwerengera, inu n'kungowonjezera chotsala kuti ukwane 7 peresenti. Sungani pepala losonyeza ndalama imene anadula, popanda limenelo a BMV alibe poyambira. Nambala ya pepala dila amamata yekha musanatuluke pageti. Chimene muyenera kumufunsa, ndipo alembe, n'choti title atumiza liti komanso kwa ndani. Ngati mwagula pangongole imadzera kwa okongozawo, pamene masiku anu 45 akuwerengedwa kale.