Mapepala odulidwa ndi shredder: kodi alipo wowagula?

Amayi ena a ku Katete, ogwira ntchito muofesi ya pasukulu, andilembera kuti anagula shredder, makina odula mapepala m'tizidutswa, ndipo matumba a tizidutswa adzaza pakona. Akufunsa ngati okonzanso mapepala angawagule, poganiza kuti kudulako kwawachepetsera ntchito a kufakitale.

Amayi, sikuchepetsa ntchito ayi, koma nkhaniyi yandikumbutsa zanga, ndiye mundipirire.

Chaka china ndinagula vitumbuwa pa Saturday Market kuno ku Chipata, ndipo wogulitsa anandikulungira m'pepala limene linali payslip ya munthu. Dzina lonse, nambala ya chitupa chake cha NRC, malipiro ake, ngongole ziwiri zimene ankamudula mwezi ndi mwezi, zonse zili mbee pakati pa mafuta. Mwini wake ndinkamudziwa, timapemphera mpingo umodzi. Lamlungu lake anabwera atavala suti yake, akupatsa anthu moni mwaulemu wake wonse, ine ndikudziwa kuti mwezi ukatha amatsala ndi zingati. Zinandiwawa kwambiri. Pepalalo ndinakawaonetsa abwana a kuofesi imene ndinkagwira nthawi imeneyo, kuti aone kumene mapepala athu amathera. Abwana aja anachita mantha, nkugula makina, nkulamula kuti chilichonse chidulidwe. Maenvulopu, makalendala akale, manyuzipepala, ngakhale ndandanda ya otsuka makapu. Mesenjala wathu magetsi akangobwera ankakhalira yomweyo mpaka kuweruka. Matumba akadzaza? Ankakawatentha kuseri kwa ofesi, utsi nkumalowera pazenera lomwelo.

Ndiye ndinene mosabisa: maofesi ambiri amadula mapepala chifukwa cha ulesi wosankha, osati chifukwa chosamala zinsinsi za anthu. Lamulo la kuno ku Zambia la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti mbiri ya munthu itetezedwe. Kalendala ya chaka chatha ilibe mbiri ya munthu aliyense.

Pepala limapangidwa ndi timaulusi ta mtengo tolukanalukana. Kufakitale amaliviika m'madzi nkulitakasa mpaka timaulusito timasukane, kenaka nkuyalanso pepala latsopano. Ulendo uliwonse timafupika, ndipo pakadutsa maulendo 5 mpaka 7 sitigwirananso. Shredder imatidula nthawi isanakwane, makamaka ija yodula mopingasa yotulutsa tizibenthu ting'onoting'ono. Yodula mizere yaitali ndiyabwinoko. Woluka mphasa mukampatsa bango loduladula, musayembekeze mphasa yolimba. Choncho pepala loyera la muofesi, limene ndi lamtengo kuposa ambiri otayidwa ndipo likanatha kukhalanso pepala lolembapo, likadulidwa limangoyenera tishu kapena mathileyi a mazira.

Vuto lina ndi kusankha. Pepala lathunthu munthu amaliona nkudziwa kuti ili ndi loyera, ili ndi la magazini, ili lili ndi pulasitiki ya pazenera la envulopu. Zikadulidwa pamodzi, ndani angakhale pansi kutola? Pomanga mabelo tizidutswa timapulumuka, mphepo imatimwaza, mvula ikatigwera timasanduka matope. Ndipo ife tili kutali ndi mafakitalewo. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka pa Great East Road ndi makilomita pafupifupi 570, wogula amalipira pa kilo, pomwe thumba la mapepala odulidwa limadya malo m'galimoto koma pasikelo silikoka. Nchifukwa chake mumaona anthu akutolera makatoni kumashopu, chifukwa amaphwanyika bwino nkusanjika, koma simudzawaona akulimbirana matumba anuwo.

Za amayi a vitumbuwa aja, ine sindiwadzudzula nkomwe. Iwo anagula kapena kupatsidwa mtolo wa mapepala, ndipo m'tauni muno ndi iwo amene amagwiritsadi ntchito pepala kachiwiri, pamodzi ndi ogulitsa nsawawa ndi kapenta. Wolakwa ndi amene anatulutsa payslip muofesi. Komanso chakudya chamafuta kuchikulunga m'pepala la inki ndi nkhani ina imene ndidzaikamba tsiku lina, chifukwa nayonso imandinyansa.

Nanga matumba aja?

Musawatenthe. Thirani m'dzenje la manyowa mosanjikiza ndi masamba aawisi ndi ndowe, muzinyowetsa, pepala limaola. Mwina yalani m'khola la nkhuku mosakaniza ndi utuchi, likanyowa nkupititsa kudzenje komweko. Ena amaviika tizidutswato nkusakaniza ndi fumbi la malasha, kuumba timibulu, kuyanika, nkumaphikira pambaula. Malisiti oterera a m'mashopu musaike m'manyowa, ali ndi mankhwala.

Kuyambira lero muzidula zokhazo zokhala ndi NRC, malipiro, zachipatala ndi zotsatira za ana. Ngati chinsinsi chili pamwamba pokha, ng'ambani kachigawo komweko nkudula. Otsalawo asungeni athunthu, ouma, omanga ndi chingwe, oyera paokha, ndipo kumbuyo kwake ana a giredi 1 akhoza kuyamba aphunzirirapo kulemba.