Funsani Amisiri: Kuika SSD mu Laputopu Yochedwa

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Katete. Laputopu yanga ili ndi Core i3, RAM ya 4GB ndi hard disk ya 500GB. Imachedwa kuyaka, ndipo ndikatsegula Word imayamba yaganiza kaye. Anzanga akuti ndigule SSD. Ndigule yotani, nanga ndingaike ndekha?

YANKHO: Aphunzitsi, anzanuwo sanakusokeretseni. M'kati mwa hard disk muli mbale yozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamutu koyenda uku ndi uko kufuna fayilo. SSD nayo imasunga mafayilo monga hard disk, koma ilibe chilichonse choyenda. Ya SATA, imene imalumikizidwa mofanana ndi hard disk, imawerenga pafupifupi 500MB pa sekondi, pamene hard disk ya laputopu imathera cha m'ma 100MB.

Chimene chimadyera anthu ndalama ndi kugula asanaone m'kati mwa makina. Popeza yanu ili ndi hard disk, SSD yolowa pamalo pake ndi ya SATA ya mainchesi 2.5. Zambiri ndi zochindikala 7mm. Ngati hard disk yakale ndi ya 9.5mm, patsala mpata, choncho ikani kothinitsira kapulasitiki kuti isamagwedere. Mwina pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa laputopu, mupezanso malo a M.2, olowa SSD yooneka ngati kathabwa kakang'ono kolembedwa 2280, ka 22mm m'lifupi ndi 80mm m'litali. Apa chenjerani: M.2 ilipo ya SATA, ilipo ya mtundu wina wotchedwa NVMe, ndipo malo ena amalandira mtundu umodzi wokha. Kathabwa kakhoza kulowa bwinobwino koma makina osakaona. Lembani nambala ya model imene ili kunsi kwa laputopu, mufufuze buku lake pa intaneti musanakwere basi ya ku Chipata.

Ya 256GB ikukwanirani Windows, Office ndi mapepala a kusukulu, koma ife tikadasankha 512GB, chifukwa SSD ikadzaza kwambiri imayamba kuchedwa polemba. Ya 256GB idzaoneka ngati 238GB mu Windows. Sanakubereni, ndi kawerengedwe chabe.

Kuika kwake sikovuta. Koperani mafayilo anu ofunika pa flash kapena pa disk ina. Zimitsani makina, chotsani chaja ndi batire. Ngati batire ndi ya m'kati, mukatsegula chivundikiro yambani mwazula kachingwe kake pa motherboard. Gwirani chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi achoke. Masulani ndi screwdriver yaing'ono ya nyenyezi, PH0, ndipo yalani zomangirazo papepala monga mmene zinalili, pakuti sizilingana kutalika ndipo yaitali ikalowa pa bowo la yaifupi imaboola pulasitiki. Kachingwe kopyapyala ka hard disk mukakoke mofatsa. Kakang'ambika, kupeza kena kofanana nako ndi ntchito ina. Sinthani kachitsulo kogwirizira disk kapite pa SSD, bwezerani, tsekani. Za kuikamo Windows, onani yankho lotsatira.

Kunena zoona, 4GB ya RAM idzakuvutanibe mukatsegula masamba ambiri mu Chrome. Ngati pali malo, ifikitseni pa 8GB laputopu ikadali yotsegula.

FUNSO: Ndili ndi kashopu kosindikiza zikalata ku Kapata. Kodi ndingasamutse Windows ndi mapulogalamu onse kupita pa SSD osayambiranso?

YANKHO: Mayi, zimatheka, ndipo amati cloning. Mufunika chingwe cha USB-to-SATA ndi pulogalamu monga Clonezilla, imene ndi yaulere, kapena imene opanga SSD yanu amapereka, monga Samsung Data Migration. Zomwe zili pa disk yakale zisapose kukula kwa SSD. Clonezilla ndi yokhwima pa zimenezi: salola partition (chigawo cha disk) yaikulu kulowa pa disk yaing'ono, ndiye muyenera kuichepetsa kaye mu Disk Management ya mu Windows. Ngati BitLocker, loko ya Windows yotsekera disk, ndi yoyatsidwa, lembani recovery key ya manambala 48 ndipo muzimitse BitLocker musanayambe.

Ntchitoyi ikhoza kutenga maola angapo, choncho ngati kwanu kuli load shedding, onani ndondomeko yake. Magetsi akathima pakati, zokopedwazo siziyaka, muyambiranso. Mukamaliza, yatsani makina muli SSD yokha. Disk yakale musaifufute mpaka mutaona kuti mapulogalamu a printa ndi sikana akugwira.

Cloning imasamutsa zonse, mavairasi omwe, ndipo makina a mushopu amalandira maflash a anthu tsiku lililonse. N'chifukwa chake ife timakonda kuika Windows yatsopano ndi Media Creation Tool, pulogalamu ya Microsoft yoika Windows pa flash ya 8GB. Ngati Windows yanu inali ndi chiphaso choona, imadzivomereza yokha ikalowa pa intaneti, chifukwa chiphasocho chimamangidwa ku motherboard. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'makina) ndiponso, ngati purosesa ndi ya Intel, ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo. SSD siisintha zimenezo.

FUNSO: Kalaputopu ka mwana wanga kali ndi 32GB yokha ndipo kadzaza. Tili ku Lundazi. Tingaikemo SSD?

YANKHO: Bambo, 32GB imeneyo nthawi zambiri ndi eMMC, memory yosungira mafayilo yowotcherera pa motherboard, siichoka. Pokhapokha ngati m'kati muli malo a M.2 opanda kanthu, njira yanu ndi memory card kapena SSD ya kunja ya USB yosungira mafayilo.

FUNSO: Ndingadziwe bwanji kuti SSD imene akundigulitsa si yabodza kapena yogwiritsidwa kale ntchito?

YANKHO: Iyeseni ogulitsa akuona. Pulogalamu ya CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene SSD yagwira ntchito ndi thanzi lake. Yatsopano iyenera kuonetsa maola ochepa kwambiri. Pulogalamu ina, H2testw, imalemba disk yonse nkuiwerenganso, ndipo yolembedwa 1TB pamene m'kati muli zochepa imagwidwa pamenepo. Kuyesa kumeneku kumachedwa, ndiye pemphani risiti yolembedwa serial number ndi masiku obweza.