Mwalota zofanana, nanga azakhali alakwanji?

Agogo, ine ndi mng'ono wanga timakhala ku Chilobwe. Lachiwiri usiku tonse awiri tinalota madzi akulowa m'nyumba, azakhali athu ataima pakhomo osalankhula. Anzathu akuti anthu awiri sangalote chimodzimodzi popanda dzanja la munthu, akuti azakhaliwo akutitamba. Tikawafunse?

Mdzukulu wanga, khala pansi kaye. M'mawa umenewo anayamba kufotokoza ndani? Ndikuganiza kuti ndiwe, mng'ono wako akadali kutikita m'maso. Loto silichedwa kuuma, lili ngati mame. Pakangopita mphindi zochepa munthu atadzuka, chotsala ndi zidutswa. Iwe utati "madzi", iye anakumbukira kuti kwakenso kunali konyowa. Utati "azakhali", munthu wopanda nkhope wa m'loto lake anapeza nkhope pomwepo. Sananame ayi. Mutu wa munthu umasoka zigamba wokha, mwini wake osadziwa. Ine ndi malemu agogo anu aamuna tinagona mphasa imodzi zaka zambiri, ndipo ndinkaona kuti maloto athu amafanana kwambiri ndikayamba ine kulankhula. Akayamba iwo, kunkangomveka za njinga yawo yotayika ija.

Za madzizo musadabwe. Mu Marichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, Chilobwe inalira maliro osawerengeka, inu muli pomwepo. Mtima woona zotere suiwala msanga. Ndiye mumagona chipinda chimodzi, pansi pa malata amodzi. Khutu siligona: mvula ikagunda padenga, kaya mpopi wapanja ukudontha, phokosolo limalowa m'maloto a nonse awiri. Kumbukiraninso zomwe munkacheza podya nsima madzulo ake. Dzina la azakhali silinatuluke, mwina pa nkhani ya fizi?

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda uno wa Blantyre, ndipo aliyense amalota kangapo usiku umodzi. Tonsefe timatunga pachitsime chimodzi: njoka, kuthamangitsidwa miyendo italemera, maliro, mayeso a MSCE omwe sunawerengere. Kuyambira Ndirande mpaka Bangwe, kusapezeka awiri olota zofanana ndiye kukanakhala kodabwitsa. Usiku wonse womwe iwe unalota minibasi, mng'ono wako n'kulota nkhuku, palibe anauwerenga.

Ngati mukukayikabe, gulani makope awiri. Kwa mwezi wathunthu, aliyense akadzuka azilemba loto lake musanapatsane moni, musanagwire foni. Mwezi ukatha muike makopewo pamodzi, mudzandiuze.

Koma pakamwa panu pasatuluke mawu oti "mfiti". Lamulo la dziko lino, lija la 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ine chondiwawa si khoti. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi mtsikana wina atafa ndi mphenzi, akuti ndiwo anatumiza. Zinayamba ndi manong'onong'o ngati a anzanuwa. Mayi amene mukufuna kukamufunsayo ndi mlongo wa bambo anu, ndiye adzaimirire pa chinkhoswe chanu.

Loweruka mukagule shuga paketi imodzi ndi sopo, mukwere minibasi mukawaone. Mukafika mugwade, muwafunse za miyendo yawo ndi za kumunda. Za lotolo muzisiye ku Chilobwe.