Wailesi ya shortwave yomvera kuntchito: mugule iti, nanga masana mudzamvapo chiyani?

Funso la sabata ino labwera pa imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amalemba katundu pa holoselo ina pafupi ndi msika waukulu kuno ku Zomba. Mwachidule akuti: "Ndimakhala mu ofesi kuyambira 7:30 m'mawa mpaka 5 koloko. Ndimafuna ndizimvera nkhani za kunja uku ndikugwira ntchito, koma bandulo ikundimaliza, komanso abwana sakondwa akaona munthu ali pa foni. Bambo anga anali ndi wailesi yomwe inkagwira BBC pa shortwave. Kodi zimenezi zikadalipo? Ndigule iti yosaboola m'thumba?"

Zikadalipo achimwene, ndipo mayina a mawailesi ndikupatsani. Koma musanatulutse ndalama mudziwe kuti chomwe chidzakuvuteni kwambiri si mtundu wa wailesi ayi. Ndi zinthu ziwiri zomwe mwazitchula nokha m'kalata yanu osaziganizira: ofesiyo, ndi maola omwe mumakhalamo.

Shortwave ya lero si ya nthawi ya bambo anu. Masiku amenewo ngakhale MBC inkamveka pa shortwave, ndipo ukapotokola wailesi madzulo masiteshoni ankachita kupondana. Ambiri mwa malo omwe ankatiponyera mawu kuno kum'mwera kwa Africa anatsekedwa. BBC inatseka malo ake oulutsira a ku Seychelles mu 2014. Deutsche Welle ya ku Germany inatseka a ku Kigali mu 2015. Chomwe chinatipweteka kwambiri ife ndi kutsekedwa kwa Meyerton, kufupi ndi Johannesburg, kumapeto kwa Malichi 2019. Kumeneko ndi komwe kunkachokera Channel Africa, yomwe inali ndi mapologalamu a Chinyanja, komanso BBC ija inkamveka bwino pa manambala 6190 ndi 3255 kHz. Mu Malichi 2025 boma la America nalo linaimitsa ntchito zambiri za Voice of America, yomwe inkatipeza mwamphamvu kuchokera ku Selebi-Phikwe m'dziko la Botswana. Choncho mkulu wina akakulemberani manambala a pamtima a m'ma 1990, mulandire mwaulemu, koma musadabwe mukapezapo phokoso lokha.

Otsala alipo. BBC World Service ikuulutsabe ku Africa, mwa zina kuchokera pa chilumba cha Ascension pakati pa nyanja ya Atlantic. Ku Madagascar kuli malo oulutsira a Talata Volonondry, omwe kale anali a Radio Netherlands ndipo pano amabwerekedwa ndi masiteshoni osiyanasiyana, ndipo kwa ife amenewa ali pafupi. Radio France Internationale imaulutsa m'Chifalansa ndi m'Chiswahili. China Radio International ndiye mudzakumana nayo paliponse, mufune musafune. Palinso a zachipembedzo monga Trans World Radio (TWR) ya ku Eswatini ndi Adventist World Radio. Munthu wofuna nkhani za dziko lapansi sangagone ndi njala, bola adziwe nthawi yake.

Nthawiyo ndiye nkhani. Mafunde a shortwave sayenda molunjika ngati a FM. Amakwera kumwamba, n'kukagunda mpweya wa kutali kwambiri umene amautchula kuti ionosphere, n'kubwereranso pansi makilomita masauzande kuchokera komwe anachokera. N'chifukwa chake phiri lathuli, lomwe limatchinga masiteshoni ena a FM kwa anthu okhala m'tsinde mwake, shortwave silimaisokoneza kwenikweni, poti iyo imatsika kuchokera kumwamba. Koma mpweya umenewo umasintha ndi dzuwa. Masana umameza mafunde a manambala otsika, ndipo odutsa bwino amakhala a manambala okwera. Inuyo amene mukufuna kumvera dzuwa lili pamutu, malo anu ndi zigawo za manambala izi, zomwe amazitcha mabandi n'kumazitchula ndi mamita: mamita 19, kuyambira 15100 mpaka 15800 kHz, mamita 16, kuyambira 17480 mpaka 17900, ndi mamita 13, cha m'ma 21450 kupita m'mwamba. Dzuwa likapendeka mumatsikira pa mamita 25, cha m'ma 11600 mpaka 12100, ndi mamita 31, kuyambira 9400 mpaka 9900. Mamita 49 ndi 41 aja bambo anu ankawakonda ndi a usiku ndi m'bandakucha. Wailesi yomwe manambala ake a shortwave (SW) athera pa 12 MHz, kutanthauza 12000 kHz, kwa munthu womvera ali pa ntchito, ndi ndalama zotaya.

Oulutsawo nawonso amadziwa kuti anthu ambiri amamvera asanapite ku ntchito ndiponso akaweruka, ndiye mphamvu zawo amaziika m'mawa ndi madzulo. Pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko masana ndi nthawi yowuma. Mudzapezako kena kake, koma musayembekeze kuti BBC idzakuperekezani tsiku lonse osaduka. Ola loyamba mutangofika mu ofesi, ndi kuyambira cha m'ma 3 koloko mpaka poweruka, ndi pomwe wailesi yanu idzabweze ndalama zake.

Tsopano ofesi. Shortwave imadana ndi zinthu zamagetsi za masiku ano. Kompyuta, chaja ya foni makamaka zotchipa zija, mababu a LED, invata, makina osungira moto wa kompyuta, zonsezi zimatulutsa phokoso lomwe khutu silimva koma wailesi imalitola lonse. Onjezerani denga la malata, makoma a konkire okhala ndi zitsulo m'kati, ndi mawindo a mabagala, ndiye kuti mawu ochokera ku Ascension afika kale atatopa n'kupezanso chitseko chotseka. Mukafuna kuona ndi maso anu, tengani wailesi iliyonse ya SW, muyike pamalo popanda siteshoni, muyandikize pa chaja yomwe ili pa moto. Imayamba kulira ngati mvula ya matalala pa malata. Zulani chajayo, phokoso lija zii. Ndipo tsiku lomwe magetsi azima dera lonse, yatsani wailesi: masiteshoni omwe simunawamvepo amatulukira bwinobwino, chifukwa zonse zosokosera zagona. Wailesi yodula kwambiri imatola phokoso lomwelo, mwinanso kuposa, choncho kuwonjezera ndalama sikuthetsa vutoli. Chothetsa ndi kusuntha. Wailesi ikhale pa windo, kutali ndi kompyuta mita imodzi kapena awiri, ndipo iziyendera mabatire, osati yolumikiza ku magetsi.

Ngati mungathe, musanagule bwerekani wailesi kwa munthu kwa tsiku limodzi mukayese pa desiki panu ndi pa windo. Maofesi ena a m'kati mwenimweni mwa nyumba, opanda windo loyang'ana kunja, shortwave siingatheke n'komwe.

Tibwere ku mawailesi. Pa msika pathu pano, ngakhalenso ku Mpondabwino ndi ku Limbe, padzaza timawailesi tokhala ndi tochi, sola pamsana, polowetsa memori khadi ndi fulashi, ndipo pa bokosi alembapo FM/AM/SW. Pa nyimbo ndi pa mpira wa pa FM timagwira ntchito ndithu. Koma SW yakeyo nthawi zambiri ndi yongokongoletsa bokosi. Manambala onse kuyambira 6 mpaka 18 MHz amawapanikiza pa kamzere kotalika ngati chala, moti ukangogwedeza chopotokolera pang'ono wadumpha masiteshoni asanu. Ukaipeza siteshoni, mawa sudzaipezanso. Timeneti ine sindingakulangizeni.

Yomwe ndingakuuzeni kuti mugule ndi Tecsun PL-310ET. Ndi yaing'ono, yokwana m'thumba la jekete, ndipo imagwira shortwave kuyambira 2.3 mpaka pafupifupi 22 MHz, kutanthauza kuti mamita onse a masana aja alimo. Ili ndi sikirini yoonetsa nambala ndi mabatani olembera, ndiye ndandanda ikati 15400 mumangodina 1-5-4-0-0 basi, osasakasaka. Kwa munthu amene ali ndi ma invoisi patsogolo pake, chimenechi ndi chachikulu kuposa china chilichonse. Ili ndi batani lolembedwa ETM lomwe limayendera bandi yonse lokha n'kukusonkhanitsirani masiteshoni omwe akumveka pa ola limenelo. Imalola kuchepetsa kukula kwa mpata womwe ikumvera, zomwe zimathandiza siteshoni ina ikamalowerera pambali. Imadya mabatire atatu a AA, ndipo ili ndi pobayira eriyo ya kunja. Mng'ono wake PL-380 amafanana nayo kwambiri, kungoti pobayira eriyo alibe. Pa intaneti mitengo yake imakhala cha m'ma madola 40 mpaka 60, musanawerengere zotumizira ndi msonkho. Ndatchula madola dala, poti chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja sukhalitsa pamodzi.

Ngati thumba silikufika pamenepo, yang'anani XHDATA D-109. Nayo ndi ya sikirini ndi mabatani, shortwave yake imafika pafupifupi 30 MHz, ndipo kawirikawiri imatsikirako mtengo. Imagwiritsa batire ya 18650, yonenepa ija imapezeka m'matochi otchaja, ndipo imatchajidwa ndi chingwe cha USB. Chenjezo lake ndi lomwe lija: tchajani usiku kunyumba, musamvere ili pa chaja. Pansi penipeni pali XHDATA D-219 ndi Tecsun R-9012, za kamuvi koyenda pa manambala, za mabatire awiri a AA. D-219 kunja siifika madola 20. Kusiyana kwake ndi za pa msika zija n'kwakuti shortwave anaigawa m'mabandi angapo, bandi iliyonse ndi mzere wake, ndiye siteshoni imagwirika. Koma nambala yeniyeni simuiona, mumachita kuyerekeza, ndipo pa ntchito zimenezo zimadya nthawi.

Wogulitsa akayamba kukunyengererani za SSB, monga pa Tecsun PL-330 kapena XHDATA D-808, dziwani kuti ndi mawailesi abwino koma SSB ndi yomvera anthu olankhulana pa mawailesi awoawo, a ndege ndi a sitima. Nkhani za BBC sizifuna zimenezo. Ndalama yotsalayo muguliretu mabatire otchaja ndi chaja yake.

Za Sony, National kapena Panasonic zakale zomwe zimapezeka kwa okonza mawailesi kapena m'nyumba za achikulire, musazinyoze. Zambiri zinapangidwa molimba, ndipo mawu ake ndi okoma kuposa timawailesi tatsopanoti. Tsegulani kaye kumbuyo muone ngati mabatire sanasungunukiremo n'kudya zitsulo, kokani eriyo yonse muone ngati sinathyoke kapena kumangidwa ndi waya patsinde, ndipo sunthani kosinthira mabandi kangapo mumve ngati sikakuthetheka.

Mayina ngati Tecsun simungawapeze pa shopu iliyonse. Njira zake ndi kufunsa m'mashopu a zamagetsi ku Blantyre ndi ku Limbe, kutuma wachibale wochokera ku Joni, kapena kuitanitsa kudzera kwa anthu oodetsa katundu ku China. Mukatuma munthu, mulembereni dzina lonse ndi nambala yake, ndipo mumutumizire chithunzi. Mukangoti "wailesi ya shortwave" adzakubweretserani ya tochi ija. Mukagula pamaso, pitani cha m'ma 4 koloko masana mutatenga mabatire anu, mupemphe kutuluka nayo pakhonde, mukoke eriyo yonse, muyende pa mamita 19 ndi 25. Nthawi imeneyo wailesi yabwino siilephera kugwira masiteshoni angapo, ngakhale akhale a chinenero chomwe simukumva. Wogulitsa akakana kuti muyesere panja, siyani.

Mukafika nayo ku ofesi, chinthu chotchipa kwambiri ndicho chidzakuthandizeni koposa: waya wamba wokutidwa ndi pulasitiki, wotalika mamita asanu mpaka asanu ndi awiri. Sendani nsonga imodzi muzengereze pa eriyo ya wailesi, inayo muitulutsire pa windo n'kuimangirira pa mtengo kapena pa msomali wa khonde, isakhudze malata kapena mabagala, ndipo italikirane ndi mawaya a magetsi. Osawonjezera kutalika poganiza kuti zikoma, timawailesi tating'onoti tikalandira mphamvu yochuluka timasokonezeka, siteshoni imodzi n'kumamveka malo anayi. Ndipo Zomba mukuidziwa nokha nyengo ya dzinja. Mitambo ikangoda ku phiri, mabingu n'kuyamba, chotsani wayayo pa wailesi. Nthawi ya mvula mudzamvanso kuthetheka kochokera ku ziphaliwali za kutali, chimenecho si chilema cha wailesi.

Muganizirenso anzanu a mu ofesi. Mawu a shortwave amakwera n'kutsika, nthawi zina kuzimiririka kwa kamphindi, ndipo kwa munthu amene sakutsatira nkhaniyo ndi chisokonezo chabe. Gulani mahedifoni, muike khutu limodzi, linalo lizimva abwana akaitana. Mabatire nawo amakhalitsa mukamamvera choncho kusiyana ndi pa sipika. Ndi bwinonso kuwauziratu abwanawo kuti kachinthu ka pa windo ndi wailesi, asadzaone waya ukutuluka panja n'kuyamba kuganiza zina.

Manambala a masiteshoni amasintha kawiri pa chaka, Lamulungu lomaliza la Malichi ndi Lamulungu lomaliza la Okutobala. Kawiri pa chakapo ndi pomwe mudzafune kabandulo kochepa: lowani pa short-wave.info kapena pa ndandanda ya EiBi, musankhe siteshoni ndi chinenero, mulembe pa kapepala mumate mkati mwa kabati. Nthawi zonse kumeneko zimalembedwa mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, ndipo ife tili patsogolo ndi maola awiri, choncho 1400 UTC ndi 4 koloko masana kuno. Pa BBC yambani kuyesa 15400 ndi 12095, manambala omwe akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, kenaka mutsimikize ndi ndandanda ya nyengo imeneyo. Wailesi yomweyo ili ndi FM, ndipo BBC imaulutsidwanso pa FM ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Zomba ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre ndipo pakati pali mapiri, ndiye zimatengera pomwe ofesi yanu yayang'ana. Tsiku loyamba kokani eriyo yonse pa windo muyese. Ikagwira, maola owuma a masana aja muzikhala pa FM, shortwave muziibwerera m'mawa ndi cha m'ma 3 koloko.