Funsani Azakhali: Kukada m'mapaini miyendo imandizizira

Azakhali, ndine mnyamata wa zaka 26. Ndapeza ntchito pa loji ina ku Phiri la Zomba koma masiku ena timaweruka mochedwa ndiye ndimatsika wapansi kutada kale. Kunena zoona ine mantha, nthambi ikangoti thyo ndimaona ngati wina akundilondola, kadzidzi akalira ndiye basi thukuta kamukamu. Anzanga akumandiseka ati mwamuna wanji ameneyu. Kodi ndi matenda kapena wina wandichita chipongwe?
Wamantha, Matawale

Mwana wanga, palibe wakulodza iwe. Tonsefe tinakula akutiuza kuti kunkhalango nkumanda, kumavina afiti, kadzidzi akalira ndiye maliro, kuwonjezera apo nkhani za Dzenje la Chingwe la pa Phiri la Zomba lija anthu amati kale ankaponyamo anzawo, ndiye ukufuna mtima uzikhala m'malo bwanji? Anzako akusekawo tawauza atsike okhaokha tione.

Maso a munthu amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, tsono iwe ukangotsegula foni kuona WhatsApp kuwala kuja kumabwezanso zonse mmbuyo. Maso akakanika makutu ndi amene amatchera kwambiri, mutu nkumapeka zotsalazo, chitsa cha paini chija chimasanduka munthu wonjuta, mphepo m'mitengo imakhala ngati anthu akunong'onezana. Ine ndili mtsikana ndinathawa nthochi, tsamba louma likungogwedera, mpaka ndinasiya patapata konko.

Koma mantha akowo usawataye onse ayi, ungowalozetsa koyenera. Phiri lija limapitirira mamita 2,000, Juni ndi Julayi chifunga chikatsika sungaone ndi dzanja lako lomwe pomwe pambali pali phompho. Mphiri nayo imagona panjira ndipo sithawa msanga ngati njoka zina. Komanso anthu, odula mitengo mozemba ndi akuba sakondwa kukumana ndi mboni.

Ndiye gula tochi yeniyeni osati ya pafoni, uziwalitsa pansi pomwe ukuponda, nsapato zotseka, zidule uzisiye uzitsata msewu wa tala wochokera ku hotela ya Ku Chawe ngakhale ndi wokhotakhota. Muziweruka awiri kapena atatu. Kapena ungolankhula ndi abwana ako, tsiku lochedwa uzigona konko nkutsika mmawa.

Mantha akayamba kukutsatira mpaka kunyumba, tulo osabwera, mtima kumangogunda uli pabedi, pita kuchipatala ukawafotokozere adokotala monga wandifotokozera inemu.