Funsani Amakaniko: Ndikasintha batire, wailesi idzafuna nambala yachinsinsi?

FUNSO: Batire ya galimoto yanga yatopa, m'mawa ikuliza injini movutikira moti ndikufuna kugula ina. Mnzanga wandiopseza kuti ndikangochotsa yakaleyo wailesi idzadzitseka mpaka nditalowetsa nambala yachinsinsi. Nambalayo ine ndilibe poti galimotoyi ndinagula kwa munthu. Kodi ndi zoona? — Mayi wa ku Chilomoni

YANKHO: Mayi, mnzanuyo sananame, koma si wailesi iliyonse imachita zimenezi. Kuseri kwa wailesi kumakhala mawaya awiri obweretsa moto. Mitundu ya mawayawa imasiyana, koma pa mawailesi ambiri ogula pashopu wofiira amalandira moto mukapotokola kiyi, pomwe wachikasu amakhala ndi moto usana ndi usiku kuchokera ku batire. Wachikasuyu ndi amene amasunga nthawi ndi masiteshoni. Opanga magalimoto ena anakonza kuti moto ukaduka pa waya ameneyu wailesi iziona ngati yazulidwa ndi wakuba, ndiye imadzitseka. Siisiyanitsa wakuba ndi mwini wake amene akusintha batire. Ngakhale batire kungophwa yokha galimoto itaimikidwa nthawi yaitali, kapena fyuzi ya waya ameneyu kupsa, zotsatira zake n'zomwezo.

Mawailesi amene amakonda kutero ndi obwera ndi galimoto kuchokera ku fakitale, makamaka a Honda, Ford, Renault, Volkswagen ndi Nissan akalekale. Ogula pashopu monga Pioneer, Sony ndi JVC ambiri safuna nambala; amangoiwala masiteshoni basi. Magalimoto ambiri atsopano nawonso savuta, chifukwa wailesi imalankhulana ndi kompyuta ya galimoto n'kuzindikira kuti ikadali pamalo pake.

Ntchito yoyamba ndi kufufuza nambalayo batire yakale ikadali pomwepo. Onani m'buku la galimoto, pa kakhadi kamene kamabwera nalo, ndi pa sitika ya m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasinja. Muimbirenso foni amene anakugulitsani. Zikakanika, pezani siriyo nambala ya wailesiyo (si yachinsinsi ija), imene imalembedwa pa chitsulo chake. Pa mawailesi ambiri a Honda ndi Ford simufunika kuizula: mukadina mabatani 1 ndi 6 pamodzi imaoneka pa sikirini (pa Honda muyambe mwazimitsa wailesi, kenako muiyatse mutagwira mabataniwo). Tengani nambala imeneyo, ya chasisi ndi buluu buku kupita nazo kwa ogulitsa magalimoto a mtunduwo. Adzafuna umboni woti galimoto ndi yanu, ndipo m'pake.

Njira yachidule ndi kusalola moto kuduka n'komwe. Pali kachipangizo kotchedwa memory saver, komwe mbali imodzi imalowa pa soketi ya OBD ya mapini 16, pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala, ndipo inayo imalumikizidwa ku batire ina ya 12V. Chotsani kiyi, zimitsani magetsi onse ndi am'kati omwe, lumikizani kachipangizoka, kenako masulani batire. Sipanala yake nthawi zambiri ndi ya 10. Yambani ndi waya wa (-), mutsirize ndi wa (+). Pomanga yatsopano yambani ndi (+). Chenjerani apa: waya wa (+) umene mwamasulawo ukadali ndi moto wochokera ku batire inayo, choncho ukulungeni ndi kansalu kouma. Ukagunda chitsulo cha galimoto fyuzi imapsa, wailesi n'kudzitseka ndithu. Tizipangizo tolowetsa pa soketi yoyatsira ndudu musatidalire, chifukwa m'magalimoto ambiri a ku Japan soketi imeneyi imafa mukachotsa kiyi.

Wina akakuuzani kuti "tisinthe injini ikulira kuti wailesi isaiwale", mukane ndithu. Batire ndi imene imakhazika mtima pansi moto wochokera ku alutaneta. Batire ikachoka injini ikulira, moto umatha kulumpha mwadzidzidzi n'kuotcha alutaneta kapena kompyuta ya injini, zinthu zodula kuposa wailesiyo kutalitali.

Ikakhala kuti yadzitseka kale, musayesere mwayi ndi 1234 kapena chaka chobadwa. Ya Volkswagen imalemba SAFE, ndipo mukalakwitsa kawiri imakudikiritsani ola lathunthu ili yoyaka. Ya Honda imalemba CODE, nambala yake nthawi zambiri ndi ya manambala asanu, ndipo mukalakwitsa kakhumi imafunanso ola. Ya Ford ili ndi manambala anayi: dinani batani 1 mobwereza mpaka nambala yoyamba itakwana, batani 2 ya yachiwiri, choncho mpaka 4, kenako 5 potsimikiza. Mukapitiriza kulakwitsa imafika potseka moti angaitsekule ndi akatswiri okha.

FUNSO: Toyota yanga ndinaitanitsa kuchokera ku Japan. Batire itaphwa tinachita kujampa, galimoto n'kulira bwinobwino, koma sikirini ya wailesi ikungoonetsa zilembo za Chijapani, palibe batani likugwira. — Bambo wa ku Mchesi

YANKHO: Bambo, jambulani sikiriniyo ndi foni, mumasulire mawuwo ndi Google Translate, chifukwa mavuto ake ndi awiri osiyana. Ngati pali malo olembapo ndi timabatani ta zilembo, ikufuna mawu achinsinsi amene mwini wake woyamba anaika ku Japan. Kumupeza n'kosatheka, koma mawailesi a Toyota a mtunduwu, monga NSZT-W61G ndi NSCP-W62, ali ndi nambala ya zilembo 16 yotchedwa ERC. Pa ambiri imaoneka mukagwira batani lalikulu la wailesi uku mukuyatsa ndi kuzimitsa magetsi ang'onoang'ono a kutsogolo katatu, kenako n'kudina mabatani amene aoneke pa sikirini. Ikoperani mosamala, osasokoneza B ndi 8, n'kupita nayo kwa makaniko wa zamagetsi amene amadziwa kutulutsa nambala yotsekulira kuchokera pa ERC. Ikatseguka, mupempheni afufutiretu mawu achinsinsi akalewo, apo ayi vutoli lidzabweranso batire ikadzaphwa.

Ngati uthengawo ukunena za khadi ya mapu, nambala siithandiza. Mawailesi amenewa amawerenga pulogalamu yawo kuchokera pa khadi ya SD nthawi iliyonse moto ukaduka, ndipo khadiyo nthawi zina galimoto imafika kuno ilibe, wailesi n'kumagwirabe ntchito mpaka tsiku limene batire yachotsedwa. Khadi wamba ya pafoni siigwira. Ifunika ya mtundu wa wailesi yomweyo, nambala ya mtunduwo yalembedwa kutsogolo kwa wailesi. Musanalipire, yerekezani mtengo wa khadiyo ndi wa wailesi yatsopano, pokumbukiranso kuti FM ya mawailesi ambiri a ku Japan imayambira 76 kulekeza 90 MHz, pomwe masiteshoni akuno amafika mpaka 108.

FUNSO: Nditasintha batire wailesi ikugwira, koma galasi la dalaivala lasiya kukwera lokha ndikadina kamodzi. — Dalaivala wa takisi ku Mzuzu

YANKHO: Achimwene, palibe chaonongeka, kamota ka galasi kangoiwala polekezera. Yatsani kiyi, tsitsani galasilo, kenako likwezeni mpaka litseke, mupitirize kukoka batanilo masekondi awiri kapena atatu. Likakana, bwerezani chitseko chili chotseka.